Tsiku limene ndinamasula sitata yabwinobwino

Iwe Madalitso, tseka bokosilo. Masipanala sathawa. Kuyambira dzulo ukungolizungulira ngati mphaka amene wanunkhiza usipa, ndipo amayi ako andiuza kale kuti ukufuna kukaphunzira zamagetsi a galimoto ku galaja ya kumalire. Ndikupatsa, usade nkhawa. Koma uyambe wamva mmene mwini wake analigwiritsira ntchito, zabwino ndi zoipa zomwe. Nawe Tadala sendera kuno, mzimbewo udzamaliza pambuyo. Nkhaniyi ndi ya agogo ako aakazi, amene iwe sukuwakumbuka nkhope.

Ana inu munandipeza nditatha kale. Mumandidziwa ngati nkhalamba yokhala pansi pa mtengo wa manachesi n'kumakangana ndi nkhuku. Kumalire kuja dzina langa lenileni anthu sankalidziwa, ndinali a Magetsi basi. Lole ikafera pamzere wa kasitomu, madalaivala akumbuyo akutukwana, munthu ankathamanga kudzanditenga ine. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, malole akamadutsa pamdipiti ndi asilikali, dalaivala sankalola kuwoloka ndi sitata yokayikitsa, chifukwa kufera panjira ya ku Tete sikunali kufa kwa galimoto yokha. Ankandigwira mkono amuna akuluakulu andevu zawo, kundichonderera ngati ndine sing'anga. Ndinazolowera kuchondereredwa, ndipo chinthu chimenecho chimawononga munthu.

Galimoto yoyamba imene ndinaigwira inali ya hendulo. Simukuidziwa inu. Chinali chitsulo chopindika, unkachilowetsa kutsogolo kwa injini n'kupukusa ndi mphamvu zako zonse. Ukagwira molakwika chinkabwerera n'kukuthyola chala, onani changa chachikuluchi mmene chinakhotera. Koma hendulo inali ndi ubwino wake: ikakana, unkadziwa kuti vuto ndi iwe kapena injini. Magetsi atabwera, malo obisalamo matenda anachuluka.

Tsono mvera, Madalitso, poti izi ku galaja akakuuza mothamanga. Galimoto ikakana kulira, usathamangire sipanala. Yamba ndi makutu. Ukapotoza kiyi n'kumva injini ikuzungulira mwaulesi, ruu, ruu, ndiye kuti batire yafooka. Ukamva tcheketcheke wambirimbiri, moto ulipo koma ndi wochepa, ndipo kawirikawiri si batire ayi, ndi mitu yake. Pamachita ufa woyera wobiriwirako, umene umatsekereza moto. Madzi otentha ndi soda, kupala pang'ono, kumanga bwino, yatha. Ndinaonapo dalaivala wina wochokera ku Zimbabwe atagula batire yatsopano chifukwa cha ufa umenewu, yakaleyo n'kuisiya kwa ine, ndipo inaimba wailesi kunyumba kwathu zaka zingapo. Kumudzi kuno ndiye kunali zoopsa. Batire ya galimoto ankaibwereka kukaimbira gumbagumba paukwati, poibweza mutu wakhwepa, iwo n'kukhomerapo msomali. Msomali! Kenaka n'kumati galimoto yalodzedwa.

Uyang'anenso waya wa efi, wonenepa uja wochoka ku batire kupita ku chitsulo cha galimoto, chifukwa ukachita dzimbiri moto umapita koma subwerera. Ukamva tcha kamodzi kokha, ndiye kuti solenoidi, kachitini kokhala pamsana pa sitata, yalandira moto koma sitatayo yakana. Apo umaigogoda ndi sipanala mnzako akupotoza kiyi, nthawi zambiri imadzuka. Koma chovuta ndi chete. Magetsi akuyaka bwinobwino, hutala ikulira, wapotoza kiyi, zii. Magetsi aja osazilala n'komwe. Pamenepo ndiye kuti moto sukufika ku sitata, china chake chautsekera panjira. Umatenga tesita, kababu kokhala ndi mawaya awiri kali m'bokosimo, n'kukhudzitsa pa kawaya kakang'ono ka solenoidi. Kakayaka popotoza kiyi, sitata ndiyo yolakwa. Kakapanda kuyaka, sitata usaikhudze, bwerera m'mbuyo ukafufuze ku fyuzi, ku swichi, konse kumene motowo umadutsa. Zimenezi ndaphunzitsa anthu ambiri, ena ali ndi magalaja awo ku Blantyre.

Komatu musaganize kuti anthu a kuno ankakonzetsa masitata. Ayi. Mwanza ndi mapiri okhaokha, malo athyathyathya ndi bwalo la mpira basi. Ndiye mwini matola aliyense wa ku Thambani ankangoimika galimoto yake pamtsetse, yoyang'ana kumunsi. M'mawa kuchotsa mwala, kuisiya itsetsereke, giya yachiwiri, kutaya kilatchi, yalira. Ena anayenda choncho mpaka galimoto kukalamba, sitata ili m'thumba kunyumba. Mahandibuleki nawo anali a dzina lokha. Choncho lamulo la dalaivala aliyense linali limodzi: ukaima, zimitsa ili pa giya, ika mwala. Amalume anu Fanuwelo ndinawaphunzitsa ndekha kuyendetsa, pa pikapu ya mnzanga, ndipo akaiwala kusiya pa giya ndinkawamenya padzanja. Ndinawamenya mpaka dzanjalo linadziwa lokha.

Agogo anu Anangozo zagalimoto sankazikonda. Ankati zinawalanda mwamuna. Asidi wa batire amadya nsalu, ndiye buluku langa lililonse linali mabowo okhaokha, iwo n'kumasoka zigamba akung'ung'udza. Ankati, "Inu galimoto ikangotsokomola kutsidya mumamva, koma ine ndikhoza kutsokomola sabata yathunthu pambali panu." Ndinkaseka, koma ankanena zoona. Anali mayi wamfupi, woyenda mofulumira, wosadziwa kukhala pansi. Minda yonse mukuionayi analima ndi iwo, ine ndili kumalire. Maso atayamba kuvuta ndinabwerera kumudzi kuno, tinakhala limodzi zaka zochepa chabe ngati anthu apabanja enieni, tikudya mbale imodzi masana.

Nthawi imene ndinkasiya ntchito ndi imene tigalimoto ta ku Japani tinayamba kudutsa pamalire mwaunyinji, tambiri topanda kilatchi, timene mumati otomatiki. Ine ndinkatinyoza. Ndinkati galimoto za aulesi, zoyendetsa ndi mwendo umodzi. Sindinatsegulepo boneti ya ngakhale imodzi, sindinakhalepo pampando wake. Wina akafuna kundionetsa ndinkati magetsi ndi magetsi, palibe chatsopano.

Fanuwelo anali atapeza ntchito kwa anthu okonza mapepala a katundu pamalire, zinthu n'kumuyendera. Anagula kagalimoto kotero, koyera. Womugulitsayo anangomuuza kuti P ndi poima, D ndi poyenda, R ndi pobwerera m'mbuyo, basi. Atakhala nako masiku ochepa anabwera nako kuno Loweruka m'mawa kudzaonetsa amayi ake. Inali nyengo ya nandolo wamuwisi. Anangozo anakazungulira kagalimotoko, kukagwiragwira, n'kunena kuti mwana wawo sangabwerere chimanjamanja. Anatenga dengu n'kutsikira kumunda wa kumtsinje uja kukamuthyolera nandolo.

Sipanapite nthawi, tinamva kukuwa. Mayi wina wa munda woyandikana nawo anafuula kuti njoka, njoka! Fanuwelo analumphira m'galimoto, ine sindinamudikire kuti atembenuze, ndinadutsa njira yachidule wapansi. Iye anatsika ndi kanjira ka ngolo mpaka m'mphepete mwa munda, n'kuima, n'kuzimitsa, kiyi n'kumusiya momwemo, n'kuthamangira m'nandolo. Tinawapeza Anangozo atakhala pansi atagwira mkono, mabala awiri ang'onoang'ono pamwamba pa chigongono. Amene anaiona anati inali songo. Aliyense wa kuno amadziwa kuti songo sipereka nthawi. Chofunika chinali chimodzi, kukafika nawo kuchipatala cha ku boma mpweya usanayambe kuwavuta.

Tinawanyamula n'kuwagoneka pampando wakumbuyo. Anali akulankhula bwinobwino, mpaka kudandaula za dengu lawo. Fanuwelo anakhala pachiwongolero n'kupotoza kiyi. Zii. Anapotozanso. Timagetsi ta kutsogolo kwake tinayaka tonse, koma injini osagwedezeka.

"Bambo, yakana."

"Liza hutala."

Inalira mwamphamvu. Ndinamuuza ayatse magetsi akutsogolo, anawala ngakhale dzuwa linali litatuluka. Apotoze kiyi, osazilala. Ndinatsegula boneti, mitu ya batire yoyera, yolimba. Waya wa efi wabwinobwino. Mtima wanga unali m'malo, ndikuuzeni zoona. Ndinkaona ngati Mulungu wachita bwino kuti zimenezi zichitike ine ndilipo.

"Ika pa giya tikankhe," ndinatero.

"Ili kale pa giya, bambo."

Amayi a m'minda anabwera, tinakankha. Kanjirako kamatsetsereka kulowera kumtsinje. Kagalimotoko kanathamanga ndithu, ine ndikufuula kuti taya, taya, osakumbuka kuti mulibe kilatchi yoti ataye. Kanakaima kumunsi kwenikweni pamchenga, kali chete. Otomatiki siilira pokankha, ana inu, lero ngakhale wakabaza amadziwa zimenezo. Ine sindinkadziwa. Tinangowatalikitsa agogo anu ndi msewu.

Apo n'kuti atafika a Zuze, aneba athu aja amene anabwera kuthawa nkhondo n'kukhazikika konkuno. Anali ndi njinga yawo yonyamulira makala, ya thabwa kumbuyo. Njinga zamoto zonse za m'mudzi zinali zitapita ku msika wa ku Thambani. A Zuze ankanditchula kuti Mesitiri, mwachikwawo, kutanthauza mmisiri wamkulu.

"Mesitiri, tiwakweze amayiwa panjinga yangayi. Wina agwirizire, ine ndikankha mpaka kumsewu. Kumsewu galimoto sizisowa."

"Njinga iwagwedeza, ululu uthamanga. Inu thamangani mukanditengere bokosi langa kunyumba."

"Mesitiri, nthawitu ikupita."

"Mphindi zisanu zokha, a Zuze. Ntchito yanga ndi imeneyi."

Anandiyang'ana, n'kukwera njinga kukatenga bokosi. Akanakana. Koma ndani akanatsutsa a Magetsi pa nkhani ya galimoto?

Bokosi litabwera ndinayang'ana mafyuzi, onse amoyo. Ndinafuna kulumikiza solenoidi ndi sikuludiraiva monga tinkachitira pa malole, koma pa tigalimoto timeneti sitata anaibisa kuseri kwa injini, dzanja silifika. Tesita inali m'bokosi momwemo, pamwamba penipeni. Ndinaiona ndi maso angawa. Sindinaigwire. Mumtima ndinali nditagamula kale kuti solenoidi yafa, chifukwa kambirimbiri m'moyo wanga chete wotere anali solenoidi. Zimene ndakuuza poyamba zija, Madalitso, kuti kababu kakapanda kuyaka sitata usaikhudze, ndinazilumpha ine mwini wake. Ndinakwawira pansi pa galimoto ndi masipanala n'kuyamba kumasula.

Malo anali ochepa, mchenga ukulowa m'maso, bawuti yam'mwamba yosaoneka. Fanuwelo anali atachoka kutsogolo n'kukakhala kumbuyo, mutu wa amayi ake uli pamiyendo pake. Ndili pansipo ndinkamva zonse, poti pakati pa ine ndi iwo panali chitsulo chokha.

"Abambo a Fanuwelo, mukadali pansipo?"

"Ndatsala pang'ono, Anangozo."

"Zikope zikulemera."

"Musagone. Fanuwelo, uziwalankhulitsa."

Patapita nthawi mawu awo anayamba kukokeka ngati a munthu woledzera. Fanuwelo anati malovu akutuluka, akulephera kumeza. A Zuze anagwada pambali pa galimoto n'kusuzumira pansi pamene ndinali. Anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana bawuti.

"Bwerani mudzakhale pano," anatero Anangozo. Ndinamva movutikira, koma ndinamva.

"Bawuti imodzi yokha."

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene ndinawauza akumva. Zaka zonse zimene tinakhala limodzi, ana asanu, maliro awiri a ana athu, ine n'kuwatsanzika ndi bawuti.

Sitata itatuluka ndinaiika pamchenga, n'kuilumikiza ku batire ndi mawaya. Inazungulira mwaukali mpaka kudumpha. Solenoidi ikumenya bwino, zonse zili bwino, sitata yatsopano. Dzuwa linali litafika pamutu, ndipo ndinadziwa kuti nthawi yonseyo ndaitaya pachabe. Anthu anali atandizungulira akuyembekeza. Ndikanati ndalakwa, tengani njinga. Koma ndinatenga mpeni n'kuyamba kupalapala timawaya toyera kale, kuti aziona ngati ndapeza vuto. Kenaka ndinakwawiranso pansi kukaibwezera, ndipo kubwezera kumatenga nthawi kuposa kumasula. Manyazi, ana inu. Ndinaopa maso a amayi a m'minda, mkazi wanga akubanika pamwamba panga.

Nditamaliza panalibe woti apotoze kiyi, Fanuwelo sakanawasiya amayi ake. Ndinalowa ndekha. Kanali koyamba kukhala pampando wa galimoto yotero. Mwendo wamanzere unafufuza kilatchi, unaponda pansi. Dzanja nalo linachita zimene makaniko aliyense amachita asanalize galimoto ya mwini, linagwira ndodo ya giya kuti liike pa nyutulo. Inali pa D. Ndinaikankha, inagwera pa N. Ndinapotoza kiyi.

Inalira nthawi yomweyo, kamodzi kokha.

Ndinazindikira ndisanachotse dzanja pa kiyi. Galimoto zimenezi anaziikira swichi ku giya, imene imadula moto wopita ku sitata ngati ndodo sili pa P kapena pa N, kuti isalire ili pa giya n'kugunda munthu. Panalibe chimene chinawonongeka. Fanuwelo mwamantha anaizimitsa ili pa giya, monga ndinamuphunzitsira. Kababu kaja kakanandiuza kuti moto sukufika, ndikanabwerera m'mbuyo, mwina ndikanakhala pampandopo kalekale. Amayi aja anaomba m'manja, wina mpaka nthungululu. Ndinamva wina akuti a Magetsi ndi a Magetsi basi.

Tinasinthana, ine kumbuyo, Fanuwelo kutsogolo. Anakokera ndodo pa D tinanyamuka. Ndinawagwira Anangozo dzanja, linali lofunda, koma maso anali otseka ndipo chifuwa chinkangokoka pang'onopang'ono. Ndinawaitana, ndinawauza kuti ndabwera, ndakhala pano. Sindikudziwa ngati anamva. Titangokwera tala, nyumba za ku boma zikuonekera, chifuwa chija chinaima. Sindinamuuze Fanuwelo, ndinamusiya athamangitse mpaka pachipata. Kuchipatala anatilandira mwachangu, koma panalibe choti achite. Ndinamufunsa dokotala ngati akanapulumuka tikanafika m'mawa. Anandiyankha mwaulemu kuti, "Sitingadziwe, bambo." Yankho limenelo ndimagona nalo mpaka lero.

Pamaliro anthu ananditamanda. Woyankhula m'malo mwa banja anati galimoto inawonongeka pa nthawi yoipa, koma bambowa anamenya nkhondo, anamasula sitata pamchenga n'kuikonza ndi mpeni. Ine ndinangoweramitsa mutu, anthu n'kumati ndi chisoni. A Zuze anakumba nawo manda. Anakhala zaka zina zingapo asanamwalire, tikumwa limodzi thobwa, ndipo za njinga sanazitchulepo ngakhale tsiku limodzi.

Mvula itagwa n'kusiya, Fanuwelo anabwera tsiku lina masana, pakati pa sabata. Anaimika galimoto patali n'kubwera wapansi. Sanalowe m'nyumba, anakhala pa mwala uwo wakhalapo Tadalawo.

"Bambo, dzulo galimoto inandikanira kumalire. Chimodzimodzi tsiku lija. Magetsi akuyaka, kiyi zii."

Ndinayang'ana kumbali, iye n'kupitiriza.

"Wosintha ndalama wina anangolowetsa mkono pawindo, n'kukankhira giya pa P, n'kuti liza. Inalira. Anandiseka, akuti aliyense amadziwa zimenezi." Kenaka anati, "Bambo, tsiku lija nditabwerera pachiwongolero ndinaipeza pa N. Inu munaipeza pati?"

Ndinaganiza kuti ndikanena zoona ndimupha. Ndinaganizanso za dzina langa, zimenezo sindingabise.

"Inali solenoidi," ndinatero. "Inagwira dzimbiri. Unaona ndikupala."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kugwedeza mutu, n'kuti, "Chabwino, bambo." Anadziwa kuti ndanama, nanenso ndinadziwa kuti wadziwa. Galimoto anaigulitsa mwezi womwewo, ntchito anasiya, anakwera basi ya ku Joni. Madalitso unali usanayambe sukulu. Mpaka lero sanabwere, ngakhale kudzaona manda.

Inu mumati amalume anatiiwala, Joni inawameza. Sanakuiwaleni. Ine ndinkayesa kuti bodza lija lamuchotsera katundu, koma linangomusiya yekha. Iye amadziwa kuti anazimitsa galimoto pa giya, ndipo palibe amene anamuuzapo kuti kulakwa kwake kunali kwa mphindi imodzi, pamene kwanga kunali kwa m'mawa wonse. Anamuphunzitsa kusiya pa giya ndi ine. Amene analumpha tesita ndi ine. Amene anauza a Zuze kuti adikire ndi njinga yawo ndi ine, ndipo amayi ake poitana anaitana ine.

Lamulungu lililonse Fanuwelo amaimbira foni amayi anu, ndipo akafunsa za ine mumamuuza kuti agogo apita kumunda, chifukwa ndi zimene ndinakulamulani. Ndilibe munda umene ndimapita Lamulungu. Ndimakakhala kuseri kwa khola mpaka foni itatha. Lamulungu likubwerali akaimba, musadzamuuze za kumunda. Mudzandipatse foniyo, ndipo mudzakhale pomwepo kuti ndisadzanamenso.